Kuno Wodwala Alibe Gadiyani

Achemwali anga Tusekile,

Mwaghona kumeneko ku Chilumba? Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa amama uli bwanji? Ndinamva kuti akukakamirabe kulowa m'madzi kusikimu ya mpunga ngakhale anawaletsa kuchipatala, ndipo sindikudabwa, poti ngakhale ine mwana wawo dokotala sanandimverepo. Ine kuno sindikudwala, thupi lili bwino. Koma mtima suli m'malo, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni, ndipo ndiijambula n'kukutumizirani pafoni kuti isachedwe.

Khalidwe lanu ndimalidziwa. Ndikangoimba mumandiika pa laudi kuti nyumba yonse imve, mpaka aneba amabwera kudzapereka moni. Nkhani iyi muyambe mwaiwerenga nokha mukaweruka kusukulu. Ndalemba m'Chichewa poti Chinkhonde chimandithawa ndikagwira cholembera, ndipo Chizungu ndatopa nacho, ndimachilankhula tsiku lonse mpaka nsagwada kuwawa.

Ndisazungulire. Andichotsa kaye pawodi. Lachinayi la sabata yamawa ndikaonekera pamaso pa komiti ya akuluakulu a chipatala, ndipo iwowo ndi amene akagamule ngati ndipitirize maphunziro ndi ntchito, kapena nkhani yanga aitumize kubungwe lopereka ziphaso za madokotala. Ikafika kumeneko ntchito yandithera, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno ku England chimadalira ntchito yomweyo. Ndiye kuti mlamu wanu Violet ndi mwana, amene akulongedza zikwama ku Mzuzu kuti anditsatire, amasulenso katundu, ine ndi amene ndikwere ndege kubwerera. Sindinabe, sindinaledzere, ndipo palibe amene wafa chifukwa cha ine. Khalani pansi ndikufotokozereni.

Paja ndinakuuzani kuti kuno dokotala wophunzira kunja samulola kungofikira kugwira odwala, ngakhale akhoze mayeso awo onse. Amayamba wadutsa m'maphunziro ozolowera. Pagulu lathu pali anzanga ochokera ku Sudan, ku Pakistan, ku Nigeria ndi kwina, ena a imvi ndithu, anthu amene kwawo ankayendetsa zipatala zathunthu. Tonse anatikhazika pamipando ngati ana a Fomu 1. Wotiyang'anira ndi mayi wina wachikulire, Dokotala Hudson, munthu wodekha amene sakweza mawu ngakhale zitavuta chotani.

Za mankhwala ndi matenda sizinandivute. Munthu amene anakhalapo yekhayekha pachipatala cha boma, m'mawa kung'amba amayi oyembekezera, masana kusoka ovulala pa kabaza, sangaope chifuwa cha mzungu. Chimene chinandivuta ndi kalankhulidwe.

Achemwali, kuno kuli anthu olembedwa ntchito yodwala mwabodza. Amabwera m'kalasi, kugona pabedi, kubuula, ife n'kumawafunsa mafunso kamera ikutijambula. Pali mayi wina amene amakomoka ndi mtima m'mawa uliwonse, akatero amadzuka, kukonza tsitsi, n'kukamwa tiyi. Tikamaliza amatipatsa malikisi iyeyo, wodwala wabodzayo, kenako tonse timaonera kanemayo n'kumakambirana zolakwa.

Zolakwa zanga zinali zambiri, ndipo zonse ndi zimene amama anandiphunzitsa ndi kamtengo. Ndikamalankhula ndi wachikulire ndimayang'ana pansi, iwo akuti ndikuoneka ngati ndikubisa kanthu. Nkhalamba ndikaitchula kuti bambo, akuti ndikudzipatsa chibale chimene sanandipatse. Madokotala akuluakulu amafuna tiziwatchula dzina loyamba ngati anzathu okaweta nawo ng'ombe. Dzina loyamba la Dokotala Hudson ndimalidziwa, koma mpaka lero lilime limakana. Zonsezi tinkaseka, ndipo ndinkazisintha pang'onopang'ono.

Panali phunziro limodzi limene linatsala, la kauzidwe ka uthenga woipa. Analiika kumapeto. Koma chisanu chitafika mawodi anadzaza, madokotala anachepa, ndipo anatitumiza kukathandiza tisanamalize. Anati aliyense akhala pansi pa dokotala wamkulu, phunziro lotsalalo tidzachita kukayamba kufunda. Ine ndinasangalala, poti ndinali nditatopa ndi odwala abodza. Paja walira mvula walira matope.

Pawodi yanga panali bambo wina wachikulire. Dzina lake sindilemba, ngakhale kwa inu, chifukwa pamenepo pokha ndaphunzirapo. Ndingowatchula kuti madala. Anali dalaivala wa basi moyo wawo wonse, akazi awo anamwalira, amakhala okha. Munthu wanthabwala kwambiri. Dzina langa linkawakanika, ndiye ankangoti Ambo. Nthawi zonse ndikawayeza ankandifunsa za mabasi akwathu, ndipo nditawafotokozera mmene kondakitala amapanikizira anthu pamzere umodzi, nkhuku pamiyendo, matumba a mpunga kumapazi, anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Ndinkawakonda madala amenewa, ndipo ndikuganiza kuti nawonso ankandikonda.

Tinawajambula m'thupi, zotsatira zinabwera masana ena. Inali khansa, ndipo inali itafalikira kale moti palibe chimene mpeni kapena mankhwala angachite. Dokotala wamkulu anati tikawauza mawa m'mawa, iye, ine ndi nesi woona za matenda amenewa. Atatero anathamangira kukiliniki kumene ankamudikira.

Nthawi yoona odwala itakwana, mwana wawo wamkazi anandipeza m'kolido. Ndi mayi wamsinkhu wanu. Ananyamula chikwama cha zovala zochapa ndi fulasiki. Ndinali nditamuona tsiku lililonse akuwapesa tsitsi bambo ake, akuwadula zikhadabo, akukangana nawo kuti amalize chakudya. Anandigwira mkono wa malaya n'kundifunsa ngati zotsatira zabwera. Anati ndisamubisire, iye ndi amene amawagulira zakudya, amawawerengera mapiritsi, ndipo ngati pali choipa akufuna akonzeke.

Achemwali, mukanakhala inu mukanaona chiyani? Ine ndinaona gadiyani. Kwathu munthu amene wanyamula beseni ndi fulasiki, amene amagona pansi pambali pa bedi, amene amaphika kushedi ya magadiyani, ndiye amene timamuitanira kuseri kwa wodi zinthu zikavuta. Timamuuza iye, iye akauza akuluakulu, banja likhala pansi n'kuona mmene angamuuzire wodwala, kapena ngati angamuuze n'komwe. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito kumudzi ndinkachita chomwecho, ndipo anthu ankandithokoza kuti ndine dokotala waulemu. Dokotala wongofikira kuuza wodwala kuti ukufa tinkamuyesa wopanda mwambo.

Lamulo lakuno ndinkalidziwa, sindinama. Limati matenda a munthu ndi chinsinsi chake, suuza wina aliyense popanda chilolezo cha mwiniwake. Funso lake linabwera pamayeso ndipo ndinalikhoza. Koma m'mutu mwanga lamulolo linali lotchinga mabwana akuntchito, apolisi, aneba amiseche. Sindinaganizepo kuti lingatchingenso mwana amene akuchapa zovala za bambo ake. Sindinaimbire dokotala wamkulu kuti ndifunse. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndalidya ndithu.

Ndinamulowetsa mayi uja m'kachipinda, ndinamupatsa mpando ndi madzi, ndipo ndinamuuza mofatsa mmene ndimadziwira. Analira. Ndinakhala naye mpaka anatonthola. Ndinamupempha kuti alimbe mtima, asanene kanthu mpaka m'mawa. Anavomera. Ndinatuluka m'kachipindamo ndikudziyamikira mumtima kuti lero ndagwira ntchito ngati munthu.

Gadiyani wakwathu akauzidwa zotere amasamba kumaso, amamanga chitenje, amalowa m'wodi akumwetulira n'kumufunsa wodwala ngati akufuna phala. Mayi uja sanaleredwe choncho. Atangoona bambo ake anaponya chikwama pansi, anawagwera pachifuwa akulira mokweza, akunena kuti asaope, alimbana nayo limodzi. Madala anamufunsa kuti alimbana ndi chiyani. Iye anatchula dzina la matendawo. Pakati pa mabedi pamangokhala makatani, ndiye wodi yonse inamva.

Nesi anabwera kudzanditenga akuthamanga. Nditafika ndinapeza madala akusisita mwana wawo kumsana, iwo odwalawo ndi amene akutonthoza wabwinobwino. Anatembenukira kwa ine. Kenako anandifunsa, osati ndi dzina lija la Ambo koma kuti dokotala, ngati zimene akumvazi n'zoona. Ndinavomera. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani iwo akhala omaliza kumva. Ine ndinachita chimene anandiletsa m'kalasi muja, ndinayang'ana pansi.

Tsiku lomwelo ndinakadzinenera ndekha kwa dokotala wamkulu, monga amafunira kuno. Madala nawo analemba dandaulo. Kuyambira pamenepo ndimakhala m'kaofesi kopanda windo, kuwerenga mafailo akale pakompyuta. Anzanga amandipatsa moni wapansipansi, wonga wapamaliro. Chakudya sichikulowa.

Dokotala Hudson sanandikalipire. Bola akanandikalipira, ndikanadziwa pothera. Anandipangira tiyi n'kundiuza kuti iyenso ali ndi mbali yake, poti analola kuti tipite kumawodi phunziro lija lisanachitike, ndipo akanena zimenezo pamaso pa komiti. Koma anati ndisadalire zimenezo, chifukwa amene anatsegula pakamwa ndine. Anandifotokozera kuti komiti imadziwa kale kuti ndinalakwa, sikafuna kumva zimenezo. Chimene ikafune kuona n'chakuti kodi ndikumvetsa chimene ndinawachita madala aja, chifukwa dokotala amene sakumvetsa adzachitanso. Wakhala akundipatsa nthawi yake yopuma masana kuti tiziyeserera, iye akhala komiti, ine ndiyankha.

Kumapeto kwa sabata ndinapita kwa Nasri. Mukumukumbuka, mwana wa a Musa a ku Mangochi amene anali ndi sitolo ya nsalu pafupi ndi jeti ya sitima zapamadzi kwanuko. Ndi dokotala m'tauni yoyandikana nafe, ndipo wakhala kuno zaka zambiri moti ana ake Chichewa amangochimva. Anandiphikira mpunga wa Kilombero umene amasunga ngati mankhwala, ndipo tsiku limenelo ndinadya.

Malangizo ake anali achidule. Anati, achimwene, apa si pochita makani, ng'ombe yagwa m'dzenje siyisankha chingwe. Anati ndikawauze kuti kwathu tidakali m'mbuyo, sitilemekeza wodwala, ndinaleredwa mumdima koma tsopano maso atseguka. Anati mawu amenewo amawakonda, ndipo ndikagwetsako kamsozi zikhala bwino kwambiri. Anandikumbutsa kuti Violet wasiya kale ntchito, ndipo amama auza mpingo wonse wa ku Wovwe kuti mwana wawo akuchiza azungu.

Ndikudziwa kuti Nasri amandifunira zabwino, koma ndinapsa mtima. Ife tili m'mbuyo? Kuno ndaona nkhalamba zikutsirizika zokhazokha, wailesi yakanema ikulankhula, mwana ali kutali akungoimba foni kufunsa manesi. Kwathu munthu safa yekha. Gadiyani amasiya munda wake, ana ake, n'kukagona pasimenti mwezi wathunthu. Akanyamula uthenga woipa m'malo mwa wodwala, amatero chifukwa cha chikondi, kuti wodwalayo asataye mtima, adye, agone tulo. Ndikaime pamaso pa anthu osadziwa ngakhale kumene Karonga ili, n'kunena kuti amama ndi inu ndinu anthu amumdima? Ndinamuuza Nasri kuti zimenezo sindinganene. Iye anangoti chabwino, ulemu umenewo ndikaudyere pandege.

Komabe mantha ndi mantha. Nditabwerera ndinawaloweza mawu a Nasri, ndinawasalaza pang'ono, ndipo poyeserera ndinawanena kwa Dokotala Hudson. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anavula magalasi n'kunena kuti mawuwo ndi okoma, koma si anga, ndipo komiti yamvapo nyimbo imeneyo kambirimbiri. Anati iye sakundipempha kuti nditukwane kwathu. Anandifunsanso funso lomwe lija, kuti madala aja ndinawachita chiyani. Ndinati ndinaphwanya lamulo. Anati limenelo ndi lamulo, iye akufunsa za munthu. Tinalekera pomwepo tsiku limenelo.

Ndiye sabata ino kunabwera uthenga woti madala akufuna kundiona. Anatuluka m'chipatala, ali kunyumba kwawo, manesi amawayendera komweko. Dokotala Hudson anati sindikukakamizidwa kupita, koma ndikafuna andiperekeza. Tinapita dzana masana.

Awonda, achemwali. Malaya akungolendewera. Anatilandira kukhitchini, anakana kuti tiwathandize kuthira tiyi. Ine ndinayamba kupepesa monga ndinakonzera, koma anandidula. Anati kupepesa kwanga anakuwerenga kale papepala, sanandiitanire zimenezo.

Anandiuza kuti iwo ankadziwa kuti zinthu sizili bwino, thupi ndi lawo. Anali atakonza kale mmene adzamuuzire mwana wawo zikadzatsimikizika. Ankafuna adzamuuze pakhitchini pomwepo, patebulo limene ankamudyetserapo ali mwana, atamuphikira okha, mwamuna wake ali pambali kuti amugwire. Anati mwana ameneyu chimwalirireni mayi ake amamwa mankhwala a nkhawa, chinthu chimene ine sindinkadziwa ndipo sindinafunse. Anati moyo wawo wonse akhala akumutchinjiriza mwanayo, ndipo iyi inali ntchito yomaliza imene inawatsalira monga bambo. Ine ndinaitenga n'kuigwira m'malo mwawo, m'kachipinda kachipatala, ndi kapu ya madzi.

Anandifunsa kuti ndinaona chiyani pa iwo chimene chinandiganizitsa kuti mwana wawo ndi wolimba kuposa iwo. Anati anayendetsa basi yodzaza ana asukulu m'chisanu choterera, anaika m'manda mkazi wawo, ndiye ine ndinawayesa khanda loti nkhani ya thupi lawo anthu azikambirana kuseri.

Ndinayesa kufotokoza za kwathu. Ndinawauza za magadiyani, za kuseri kwa wodi, kuti timatero posafuna kuti wodwala asenze yekha. Anamvetsera bwinobwino, sananyoze. Anati mwambowo akuumva, ndipo uli ndi kukoma kwake. Kenako anandifunsa ngati bambo anga ali moyo. Ndinati anamwalira ndili kusekondale. Anafunsa ngati iwonso anawachita zomwezo. Ndinati inde. Ndiye anafunsa kuti, nanga bambo akowo, mwini wake, zinawakomera?

Achemwali, zaka zonsezi funso limenelo silinandifikepo m'mutu.

Inu munalipo, mukudziwa kuposa ine. Atata atayamba kulephera kumeza, adokotala anaitanira kuseri amalume Chakufwa, amama ndi inu. Ine ndinali kusukulu yogonera, ndinadzamva patchuthi kuti ndi khansa yakummero, ndipo munandilumbiritsa kuti ndisanene. Atata tinawauza kuti ndi zilonda, zipola akamamwa mankhwala. Sindikukuimbani mlandu, chonde mundimvetse. Munali mtsikana, munasiya kosi yanu n'kukagona pasimenti, ndipo palibe amene anawasamala atata kuposa inu ndi amama. Tonse tinachita zimene aliyense kwathu akanachita.

Koma nditakhala pakhitchini ya madala aja ndinakumbukira jekete. Mukukumbuka kuti atata ankafuna kuwoloka Songwe kukaonana ndi mng'ono wawo, atata aang'ono a Manase, amene anayambana nawo pa nkhani ya ng'ombe za agogo mpaka kuleka kulankhulana. Ankanena tsiku ndi tsiku kuti akufuna akathetse nkhaniyo. Tonse tinkawayankha kuti adikire kaye pakhosi papole, ulendo ndi wautali. Iwo ankangoti chabwino. Anauza amama kuti awachapire jekete lawo lakuda lija n'kulisita kuti likhale lokonzeka. Linakhala pamsomali kuseri kwa chitseko mpaka tsiku limene tinawaveka m'bokosi. A Manase anafika maliro ali m'kati.

Madala anaona kuti ndasokonezeka, ndipo sanandiumirize. Anati sakufuna kundichotsetsa ntchito, madokotala oseka ndi odwala ndi ochepa. Koma anati sangauze komiti kuti andikhululukire pamene ine sindikudziwa ngati chimene ndinachita ndi chifundo kapena kulanda. Apempha kuti adzakhalepo Lachinayi, mwana wawo adzawakankha panjinga ya odwala ngati mphamvu zidzalola, ndipo akufuna adzamve yankho la funso lawo lija. Komiti yavomera. Dokotala Hudson pobwerera anandiuza kuti mawu a madalawo adzalemera kuposa a wina aliyense m'chipindamo.

Violet ndamuuza ndekha dzulo, zonse, osachotsera. Analira, kenako anandikalipira kuti ndinakhaliranji nazo ndekha nthawi yonseyi, ndipo anali ndi chifukwa. Wati zikwama sakumasula mpaka amve za Lachinayi. Mukamuimbira musachite ngati simukudziwa.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Loweruka likubwerali mukwere mupite ku Wovwe. Musatume mwana, musaimbe foni. Mukakhale ndi amama awiriwiri, amalume Chakufwa asakhalepo, chifukwa iwo akayankha m'malo mwawo monga mwa masiku onse. Amama ndi amene ankagona pambali pa atata miyezi yomalizayo, ndipo ngati atata ananenapo kanthu, ananena kwa iwo. Mukawafunse m'Chinkhonde, mofatsa, ngati atata ankadziwa. Ngati ankadziwa, kodi anakhala chete kuti atisungire ife mtima, monga mmene ife tinkaganizira kuti tikuwasungira iwo? Kapena anatikhulupirira ndithu, n'kumadikira kuti pakhosi papole?

Ndikudziwa kuti ndikukutumani kukatokosa bala limene linauma. Ndikudziwanso kuti amama adzafunsa kuti mwana ameneyu wayamba misala yanji kumeneko. Akafunsa muwauze zoona. Muwauze kuti ntchito yanga ili pachiswe, kuti mwina ndibwerera, ndiponso chifukwa chake. Musawafewetsere, musawauze kuti ndi kankhani kakang'ono ka kuofesi. Ndine mwana wawo, nkhaniyi ndi yawonso, ndipo ndi munthu wamkulu amene wapirira zambiri kuposa ife tonse.

Chimene akayankhe mundilembere monga anenera, musakonze kuti chindikomere. Akati atata ankadziwa ndipo anasankha okha kukhala chete, ndikawauza madala aja kuti kwathu nthawi zina wodwala ndi banja amanyamulirana mwakachetechete, koma kuti iwo sindinawapatse mpata wosankha ngakhale zimenezo. Akati sankadziwa, ndikanena kuti sankadziwa, ndipo ndikanena za jekete. Sindikudziwa kuti ndi yankho liti limene lingandipulumutse, mwina palibe. Koma madala aja atsala ndi masiku ochepa, ndipo akuwononga limodzi mwa masikuwo kubwera kudzandimvera. Sindingawapatse mawu oloweza.

Mundiperekere moni kwa alamu a Gregory, muwauze kuti nkhani ya injini ya boti lawo ndinaimva, tidzakambirana mutu ukakhala m'malo. Ana onse muwapsompsone, ndipo Lughano mumuuze kuti chithunzi chake cha yunifolomu ndinachimata pafiriji. Moni kwa amalume Chakufwa ndi akumpando, kwa azakhali a Leticia, ndi kwa onse akumpingo amene amanditchula m'mapemphero. Sabata ino awonjezere. Ngati pali amene akuwoloka Songwe, akaperekenso moni wanga kwa atata aang'ono a Manase, akawauze kuti mwana wa mkulu wawo amawakumbuka.

Amama mukawagwire dzanja m'malo mwanga. Ngati atangokhala chete osayankha, musawakakamize. Mungondilembera kuti anakhala chete. Zikatero ndikaima pamaso pa komiti ndi madala aja, ndikawayang'ana m'maso, n'kuwauza kuti yankho sindikulidziwa, ndipo kwathu kulibe amene akulidziwa, chifukwa munthu yekhayo amene akanatiuza sitinamufunse.

Ndagha, achemwali. Kyala akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Ambokile